Mpira Wokwechedwa ndi Mchenga

Stélia atatulutsa mpira wachitsulo m'chikwama, anaupeza uli mbuu, wokalikakalika paliponse.

M'mawa mpirawo unkawala ngati kalilole. Akangomaliza kujambula Pascoal, wosewera mufilimu yawo, patsogolo pa nsalu yobiriwira, Stélia ankayenera kuuimika pomwepo, pambali pa mpira wina wotuwa wosanyezimira, n'kuijambula yonse. Zithunzizo ndi zimene zikanamuuza kumene dzuwa linali, pokaika madzi osefukira kumbuyo kwa Pascoal pa kompyuta. Popanda zimenezo, ngakhale mwana adzaona kuti madziwo ndi abodza.

"Wagwira mpirawu ndani?" anafunsa Stélia.

Dona Otília, eni bwalo limene ankajambulirapo ku Chipera, anabwera akupukuta manja pachitenje. "Ndine, mwanangu. Unali fumbi lokhalokha. Ndaukwecha ndi mchenga wakumtsinje, monga ndimachitira ziwiya zanga. Katundu wa mlendo sachoka wakuda pakhomo pano."

"Stélia, mtambo uwo ukubwera," anatero Arsénio, wotsogolera filimuyo. "Fulumira."

Mpira wina wowala ngati umenewo unali ku Tete, ulendo wa tsiku lathunthu.

Stélia anaukweza m'mwamba n'kuyang'anamo. Munalibe dzuwa, munalibe mtengo wa mango, ngakhale nkhope yake yomwe. Mawu oipa anafika pakhosi. Koma Dona Otília anali chiimire akumwetulira, zala zitasupuka ndi mchengawo.

"Zikomo, amayi," anatero Stélia, atakukuta mano.

"Palibe kanthu, mwanangu. Wotuwa uja ndauviika kaye m'madzi. Wandikanika kuwala."