Mtima wa Kumsana

Chitseko cha ndege chitatseguka, chimphepo chinam'menya Falida kumaso. Pansi penipeni, mabwato a ku Kachulu ankaoneka ngati mankhusu a mpunga panyanja ya Chilwa.

Aka kanali koyamba kuti alumphe ndi parachuti. Malamba anayi anam'manga pamodzi ndi Clement, mphunzitsi wake, amene anali kumsana.

"Pindani manja pachifuwa, achemwali, musagwire kalikonse!" anakuwa Clement. "Ine ndalumpha kambirimbiri."

Zaka zapitazo, bambo ake a Falida anamira panyanja yomweyi, mnzawo atawakakamira m'khosi.

Miyendo ikulendewera kunja, Falida anamva mtima wa Clement ukugunda pamsana pake. Unkathamanga kuposa wake.

"Achimwene, chavuta n'chiyani?"

Clement anangoweramira kutsogolo n'kulumpha naye.