Uthenga wa Seveni Koloko

Seveni koloko inakwana, foni ya a Mawaya osalira. Anaitembenuza, anaipukuta pamalaya, anaiikanso patebulo pafupi ndi kapu ya tiyi. Zii.

Kwa zaka zitatu foni imeneyi inali isanaphonyepo. Seveni ikangokwana inkanjenjemera, dzina loti "Mwana wanga" n'kuwala pagalasi, kenako timawu tiwiri titatu: mwadzuka bwanji bambo, musaiwale mankhwala, valani juzi kunja kukuzizira. M'nyumba ya munthu wokhala yekha, mmene mpando wachiwiri unasanduka popachika jekete, mawu otere si ochepa ayi. A Mawaya ankadzukira omwewo.

Dzina loti Mawaya anawapatsa ndi anthu okhala nawo m'nyumba yosanjayo, ndipo sanawanamizire. Chipumireni pantchito yokonza mawailesi, tebulo lawo lodyera linadzaza mawaya ofiira ndi akuda, timababu, chitsulo chowotcherera, moti mbale inkasowa pokhala. Pakati pa zonsezi panali kakompyuta kopanda chivindikiro, kabolodi kobiriwira kongokwana m'chikhatho, kokhala ndi kakhadi ka foni m'mbali mwake. Munthu akafunsa ntchito yake, iwo ankangoti kamawasungira nthawi, n'kusintha nkhani.

Patadutsa mphindi khumi, a Telala a khomo loyang'anizana nalo anagogoda n'kulowa osadikira kuuzidwa, monga mwa masiku onse, tepi yoyezera ili m'khosi. Mayiwa anabereka ana aamuna atatu, onse a mafoni apamwamba, koma wowakumbukira panalibe. Ndiye m'mawa uliwonse ankabwera kudzamva uthenga wa mwana wa eni, kuwotha nawo moto wa mnzawo. Ankakonda kunena kuti mtsikanayo amalemba ngati bambo ake enieni, ngakhale kakalipidwe n'komweko.

Anafunsa kuti lero wati chiyani. A Mawaya anayankha kuti palibe chafika.

A Telala anangokhala pampando, pajekete pomwepo. Anayamba kutchula zoopsa chimodzichimodzi: kaya wadwala, kaya amubera foni, kaya ndi mwamuna wake uja wayamba zake. Potero analoza chithunzi cha pakhoma. Munali mtsikana wa diresi loyera ndi mwamuna wake, azakhali, anzake, aliyense mano mbee, koma bambo ake osaoneka pena paliponse. A Telala anadziuza okha kalekale kuti mkuluyu ndiye ankajambula, poti zamakina ndi zake, ndipo a Mawaya anali asanawatsutsepo.

"Muimbireni, achimwene. Foni muli nayo m'manjamo."

"Ali pantchito. Sindifuna kumusokoneza."

Chimene chinawapsetsa mtima mayiwa n'chakuti mkuluyo, m'malo moimba, anavala magalasi n'kuweramira kabolodi kake. Ati mwana sakudziwika kuti wadzuka bwanji, bambo ake ali pazidole. Amuna inu! Anawanena mpaka kutchula malemu akazi awo, kuti akanakhalapo bwenzi mawaya onsewa ali m'bini.

A Mawaya anangopitiriza kufufuza pakabolodipo. Anali ataona wotchi ya pachitofu ikuphethira maziro okhaokha m'malo mwa nthawi, umboni woti magetsi anathima m'bandakucha. Kakompyuta ka mtundu umenewu kalibe batire lakelake la wotchi. Magetsi akangothima kamaiwala tsiku, kamaiwala ola, n'kudzuka kakuyesa kuti tili m'chaka china. Batire lake anagula mwezi watha, ndipo linali phee m'kabati, likadali m'pepala, kudikira mawa losafika lija. Anadzitukwana chamumtima. Zaka makumi atatu akukalipira makasitomala chifukwa cha ulesi womwewu, lero wawagwira ndi iwo.

Analumikiza kiyibodi ndi sikirini yakale yong'aluka pakona. Ndi zala ziwiri analemba tsiku, kenako nthawi. A Telala, amene anali atasuzumira paphewa pawo, anayang'ana wotchi ya pamkono n'kupukusa mutu. Inali hafu pasiti seveni, koma mkuluyo analemba kuti kwatsala mphindi imodzi kuti seveni ikwane. Apa mkwiyo unawathera, chifundo chinawagwira. Munthu wosunga nthawi chotere mpaka kulakwitsa wotchi, ndiye kuti nkhawa yamudya ndithu. Anawagwira paphewa n'kuwauza kuti asadandaule, mwana ali bwino, alemba basi.

Onse awiri maso anali pafoni. Pansi pa masitepe wina ankakolopa, ndowa ikulira pokokedwa. Tiyi anali atazizira kalekale.

Kenako foni inanjenjemera patebulo.

A Telala ndiwo anayamba kuitola, n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono ngati m'kalasi: "Mwadzuka bwanji, bambo? Mudye kaye musanagwire mawaya anuwo." Anaseka, misozi ili lengelenge, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya tepi yawo. Anati si izi, chibale ndi fupa, sichiwola. Anawonjezera kuti Mulungu akanawapatsa mwana mmodzi yekha wotere, anyamata atatu aja akanawabweza osawerenga. Atatero ananyamuka, poti kunali diresi la eni lodikira mpendero.

Chitseko chitatsekeka, a Mawaya anatulutsa batire lija m'kabati n'kuliika pamalo pake. Kenako anatsegula mndandanda wa m'kakompyutamo, mauthenga oposa chikwi amene analemba okha, oti kabolodiko kaziwatumizira umodzi m'mawa uliwonse, poti mwana wawo sanawayankhulepo chikanireni iwo kupita ku ukwati wake. Pamzere wa mawa analemba kuti, "Bambo, ndakukhululukirani." Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anaufufuta monga ankachitira tsiku lililonse, n'kulembapo za juzi.