Esau Wamera Mabere

Dzuwa la Okutobala linkawotcha malata a ku Kawale, koma Esau anakhala pampando atatseka jekete mpaka m'khosi. Thukuta linali chuchuchu. Moyang'anana naye munakhala ankhoswe awiri: malume ake, a Stephano, ndi azakhali a mkazi wake, mayi Ennie. Mkaziyo, Eva, anakhala pansi chakukhomo, osadziwa n'komwe chimene walakwa. Chikwama cha zovala za Eva, Esau anali atachilongedza kale. Banja limatha tsiku lomwelo.

Esau ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo ngati pali chinthu chimene ankanyadira padziko pano, chinali chifuwa chake. Njerwa ankayala atavula malaya, ngakhale mu Juni, kuti odutsa aone. Ndiye tsiku lina nsonga za mabere zinayamba kuyabwa. Kenaka zinatupa, n'kumapweteka zikakhudzana ndi malaya. Posakhalitsa pansi pake panamera timibulu, timibuluto n'kumakula mpaka malaya anayamba kutukuka ngati a mtsikana wotha msinkhu. Anzake kuntchito analibe naye chisoni ngakhale pang'ono. Anamupatsa dzina loti Nachisale, ndipo wina anamugulira kamisolo pakaunjika, n'kumupatsa atakulunga bwinobwino m'nyuzipepala.

Zinamupweteka mtima Esau. Anayamba kugona ndi jekete, atayang'ana kukhoma. Eva ankalira chamumtima poganiza kuti kunja kwapezeka mnzake.

Kuchipatala anapitako mozemba. Adokotala anamuuza kuti zoterezi zimachitika kwa amuna ambiri ndithu, ndipo anamufunsa mafunso. Mowa? Esau ndi wakwaya, sadziwa n'komwe fungo lake. Chamba? Mulungu amukhululukire wofunsayo. Kunenepa? Munthu wake ndi minofu yokhayokha. Mapiritsi omwa nthawi yaitali, kapena aja amamwa anyamata onyamula zitsulo? Iye ngakhale mutu uwawe chotani amangomwa madzi. Adokotala anati abwerenso adzamuyeze magazi ndi chiwindi. Esau sanabwererenso. Abwererenji, pamene yankho anali atalipeza yekha m'ndowa ya ufa?

Tsopano analitulutsa m'thumba n'kuliika patebulo: kabotolo kopanda dzina, kodzaza theka ndi ufa wachikasu. Eva atakaona anagwira pakamwa.

"Mwaona malume? Wadzigwira yekha," anatero Esau. "Khuzumule ameneyu. Ndinamuona pawindo ndi maso angawa akuthira m'kapu ya tiyi. Akufuna ndisanduke mkazi mnzake, ndizimuchapira zovala."

"Mawu amenewo ndi aakulu, mphwanga," anatero a Stephano. "Umboni wake uli kuti?"

Esau anaimirira. Anatseka chitseko, n'kukoka katani, kenaka anatsitsa zipi. A Stephano anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Mayi Ennie anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka; ngati kunali kulira, kunali kulira kwachilendo. Aka kanali koyamba kuti Eva aone chimene jekete ija inkabisa, ndipo misozi inayamba kutsika.

Ankhoswe anagwira njakata. Munthu angateteze bwanji mwana wake, botolo lili patebulo, mabere ali poyera? Mayi Ennie anamufunsa Eva ngati botololo linali lake. Anavomera ndi mutu. Anamufunsa ngati ankathiradi mu tiyi. Anavomeranso. Mayiwo anausa moyo, manyazi atawagwira, n'kuyang'ana chikwama chija ngati akuyeza kulemera kwake.

Apa Esau anamva kukoma. Munthu akapambana mlandu safuna kukhala pansi msanga, ndiye anawonjezera, chifuwa chili pamtunda.

"Ndipo musandione ngati wogona, malume. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndisanakwatire anzanga anandilangiza kuti kapu yopatsidwa ndi mkazi samwera. Chilowereni m'nyumba muno, iye akangotuluka kukatenga madzi osamba m'manja, ine ndimasinthanitsa makapu. Yanga amwe iye, yake ndimwe ine. Sindinaphonyepo ngakhale m'mawa umodzi. Koma taonani mphamvu ya mankhwala akewa, andipezabe!"

A Stephano anagwedeza mutu, kutama nzeru za mphwawo. Eva anasiya kulira. Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'anitsitsa chifuwa cha mwamuna wake kwa nthawi yaitali. Kenaka anaweramira pa chake.

"Azakhali, amenewo ndi mapiritsi okulitsa mabere. Ndimawasinja n'kuthira m'kapu yanga, chifukwa bambowa anandinena kuti pachifuwa panga pali ngati thabwa lositirapo," anatero. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikuwatukwana mayi a kusaluni kuti anandigulitsa zabodza. Kani amagwira ntchito!"