Dalaivala Amene Sanatchule Tsiku Losiya Msewu

Panali munthu wina, dalaivala wa malole aja a matayala ambirimbiri, odutsa malire mpaka kukafika kudoko. Amene anandiuza nkhaniyi anagwira naye ntchito, ndiye musati ndapeka. Bamboyu ulesi analibe, mowa sankamwa, zibwenzi za m'njira sankazidziwa. Vuto lake linali limodzi basi: ukamufunsa chimene akuthamangira, sankatha kuchitchula. Anzake mpaka anamupatsa dzina loti Posachedwa, poti ndilo linali yankho lake pa funso lililonse.

Mkazi wake anali telala, ankasokera pabalaza, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi. Posachedwa akafika pakhomo ankangogona tulo tofa nato, kudzuka, kudya, kuchapitsa ovololo, ulendo. Tsiku lina mkaziyo akumulongedzera chikwama anamufunsa.

"Bambo a mwana, msewu umenewu mudzausiya liti?"

"Posachedwa, mayi. Zinthu zikhale bwino kaye."

"Bwino wake uti? Nyumba mwamanga, mwana ali pasukulu. Tchulani chinthu chimodzi, choti ine ndikachiona ndidziwe kuti amuna anga akubwera kudzakhala."

"Inu, mwamuna salota zing'onozing'ono. Ndikufuna tidzakhale bwino kwambiri."

"Kwambiriyo amathera pati, bambo?"

Iye anangoseka n'kunyamula chikwama.

Mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, nayenso anali dalaivala pakampani yomweyo. Koma iye anali atanena zake poyera, kuti mwana wake woyamba akadzangomaliza sekondale, adzaimika lole n'kutsegula pomatira matayala pafupi ndi nyumba. Ndipo anachitadi. Posachedwa uja anakamupeza ali chogwada, manja ali bii, akufufuza pobooka pa chubu m'beseni la madzi.

"Alamu, munthu wodziwa madoko ngati inu n'kudzathera pa zigamba?"

"Zigambazi ndinasankha ndekha, alamu, ndipo madzulo ndimadya ndi ana anga. Nanga inu mwasankha chiyani? Dziikireni malire. Mlongo wanga akukalamba yekha m'nyumba muja."

"Posachedwa, alamu, posachedwa."

Zaka zinapita. Akagula firiji, mtima unkafuna sofa. Sofa ikalowa, mpanda. Mpanda ukatha, ankaona geti la mnzake n'kuyamba kunyansidwa ndi lake. Munthu wosadziwa kumene akupita safika, abale, ngakhale athamange bwanji. Mwana uja anakula, anamaliza sukulu, anayamba ntchito, bambo ake akumvera zonsezi pafoni ali pamzere wa malole pamalire.

Kenako mwanayo anaimba ndi mawu ena.

"Adadi, amayi ayamba kuiwalaiwala. Dzulo asiya ayironi pa diresi la kasitomala mpaka lapsa. Lero akundifunsa ngati ndapita kusukulu. Bwerani, adadi."

"Ndi ukalamba chabe, mwana wanga. Pita nawo kuchipatala. Ndikangotsitsa katundu ameneyu ndibwera."

Katunduyo anatsika, wina anakwera, ndipo iye anakhotetsanso lole. Akadutsa pakhomo ankafika mkazi wake atagona, n'kunyamuka asanadzuke, kenako anayamba kumangotumiza uthenga. Zoona zake n'zakuti ankaopa kukaona yekha.

Amene anadzamuikira malire anali dokotala wa maso. Tsiku lina kampani inayeza madalaivala onse, ndipo kwa iye zilembo za pakhoma zinangoti mbuu. Anamulanda makiyi, kumugwira chanza, basi. M'basi yobwerera kwawo ankadzitonthoza kuti bola, tsopano akakhala ndi mayi a mwana, azikamwa nawo tiyi pakhonde n'kumacheza zonse zimene sanachezepo.

Anafika masana. Mwana wake anamulandira chikwama maso ali pansi. Mkazi wake anali pabalaza atavala bwinobwino, mutu utayera ndi imvi, ndipo anamupatsa moni mwaulemu wonse, moni wa mlendo.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mwabwera kudzasoketsa?"

"Mayi a mwana, ndine. Ndabwera. Sindipitanso."

"Mukufuna amuna anga? Pepani, kulibe. Amayendetsa lole, ali pa ulendo."

Bamboyo anangokakhala pampando waukulu wa pakona. Mkaziyo anadzuka msangamsanga.

"Pepani bambo, osati pamenepo. Mpando umenewo ndi wa amuna anga, sakhalapo munthu wina."

Anadzuka, munthu wamkulu, n'kukakhala pakabenchi ka makasitomala pafupi ndi chitseko. Mwana wake anathawira kukhitchini atagwira pakamwa. Bamboyo anayesa kutchula za ukwati wawo, za tsiku limene mwana anabadwa, koma mkaziyo ankangomvetsera n'kumagwedeza mutu ngati akumva nkhani ya anthu ena. Apo ndipo analira, kulira kwenikweni, kosabisa. Zimandiwawa ine ndikamaganiza kuti amene anadzamutonthoza anali mkazi yemweyo. Anamuyandikira, anamugwira paphewa, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Musalire chonchi, bambo. Kodi kwanu kulibe amene akukudikirani? Ngati alipo, nyamukani kukadali kowala. Kudikira munthu kumapweteka, ine ndikudziwa."

Phunziro: "Kukhala bwino" si cholinga, ndipo "posachedwa" si tsiku. Tchulani chimene mukufuna, tchulani pamene mudzanene kuti chakwana, ndipo auzeni a pakhomo panu kuti nawonso adziwe chimene akudikira. Mukapanda kudziikira malire, adzakuikirani ena, ndipo mwina mudzafika amene munkavutikira asakukudziwaninso. Musangowerenga n'kusunga. Tumizirani mnzanu amene akungothamanga osadziwa pokaima, mwina lero akhala pansi ndi banja lake.