Dzina la Ashworth

"Ukwati umenewu sungatheke," anatero bambo Cyril Ashworth pamaso pa alendo a ku Ndola amene anabwera kudzafunsira mwana wamkazi wa bambowa, Pilira. "Mnyamatayu nayenso ndi Ashworth. Tonse tinachokera kwa mzungu mmodzi wa ku Mangalande, bwana wa pamgodi. Ndi magazi amodzi awa."

Nkhani ya agogo achizunguyi ankainyadira paliponse, kuofesi ngakhale kutchalitchi.

Pilira anayamba kulira. Apo a Zelipa, azakhali awo a bambo Cyril, anakhosomola.

"Cyril mwanawe, usalize mwana chifukwa cha bodza. Atate anga anali a Gondwe, ochokera ku Malawi. Ankaphikira Ashworth kuno ku Nkana West. Tsiku lokalembetsa ntchito ya kumgodi, kalaliki anangolemba dzina la bwana wawoyo."

Bambo Cyril anagwetsa nkhope, thukuta lili kamukamu.

Patapita kanthawi, bambo Zacharia, mbale wa mnyamatayo amene ankatsogolera alendowo, anayankhula motsitsa mawu, osayang'ana munthu.

"Mukwai, akuluakulu inu, ifenso timachita manyazi kunena. Agogo athu ndi amene ankathirira maluwa panyumba yomweyo. Nawonso dzina la Ashworth analipeza chomwecho."