Ntchentche za Nthenga

"Chotsa zimenezo patebulo, mwana angameze!" anakalipa mayi ake a telala.

Telalayo ankasankha ntchentche za nthenga, nyambo zonyengera nsomba, zimene anamangirira yekha pa mbedza. Anali atalonjeza apongozi ake nsomba ya trauti, choncho anapatula zitatu zokha: yakuda, yofiira ndi ina yamapiko oyera.

"Izi sizilephera, amayi."

"Mbedza imaboola diso, iwe. Ndiponso miyala ya kumtsinje imaterera."

Mawa lake telalayo anabwerako kumtsinje chimanjamanja, thalauza ili yonyowa.

"Nsomba zimameza bwinobwino, koma ndikati ndikoke, zapita! Apongozi ndikawauza chiyani?"

"Ukawauze kuti apulumuka," anatero mayiwo mosatekeseka. "Nsonga za mbedzazo ndinadula dzulo ndi pulayala. Nsomba ili ndi minga, mwanawe. Munthu wamkulu ngati uja akanatsamwidwa, bwenzi pano tikunena zina."