Mauthenga Atatu a Tiza

Panali munthu wina ku Chawama, dzina lake Levy, ndipo amene anandifotokozera nkhaniyi anali nawo pamaliro. Levy ankagwira ntchito ya makompyuta pa kabungwe kena kothandiza amayi oyembekezera m'makomboni. Mayi akamva kuti nthawi yakwana, ankatumiza uthenga pa nambala ya bungwelo, makina n'kuupereka kwa dalaivala amene ali pafupi, galimoto n'kubwera. Mlongo wake wamng'ono Tiza, wa ku Kanyama, anali ndi mimba yoyamba, ndipo Levy anamulembetsa ndi manja ake. Anamuuza kuti tsikulo likadzafika asadzavutike kufunafuna takisi, adzangotumiza uthenga basi.

Vuto linali lakuti nthawi zina mauthenga ankathithikana pamzere osapita, Levy n'kumakhala pansi kuwamasula umodziumodzi. Ndiye bungwe linapeza pulogalamu ya AI yoti izikonza yokha vutoli. Levy anapatsidwa masabata awiri kuti aiyese asanaisiyire ntchito.

Ba Namukolo, amene ankamuyang'anira, anali mayi wosabwereza mawu. Anamuitana n'kumuuza kuti, "Levy, osaifunsa ngati isebenza. Imika mameseji dala, uone vamene izachita. Utenge kafoni ka mabatani uyende ku Kanyama, uone na maso yako ngati meseji yafika."

Koma mutu wa Levy unali kwina. Kunkabwera chilanga mulilo chake, tsiku limene akuchikazi amabwera ndi ng'oma ndi mbale za zakudya kudzaonetsa mkamwini zomwe azidya m'banja. Ku Kanyama nako madzi a mvula anali atadzaza m'njira, ndipo mnyamatayu nsapato zake ankazikonda. Ndiye anatani? Anaifunsa pulogalamuyo mafunso khumi, iyo n'kuyankha ngati mwana wa sukulu woloweza. Anaiuza kuti idzipatse yokha malikisi, ndipo inadzipatsa onse, nanga ikanadzimana? Kamodzi kokha anaimikadi mauthenga, n'kuona kanyali kofiira ka pakompyuta kasanduka kobiriwira m'kamphindi. Kumene mauthengawo anapita, sanafufuze. Anasaina pepala kuti chinthucho chili bwino.

Loweruka la mwambowo linafika. Tiza sanapite, miyendo inali itatupa, ndipo mwamuna wake anali ku ganyu ku Kafue. Cha m'ma 1 koloko masana, ng'oma zili pakati, foni ya Levy inanjenjemera m'thumba. Inali pulogalamu ija, kumuuza kuti panali vuto koma lakonzedwa. Levy anamwetulira, n'kuibweza foni m'thumba. Anadziona kuti ndi wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Nthawi imeneyo ku Kanyama zinthu zinali zitayamba kale. Tiza anali atatumiza uthenga woyamba. Mayi woyandikana naye nyumba ataona magazi anati afune galimoto ina msanga, koma Tiza anakana.

"Ba Levy ananiuza ati motoka izabwela. Tiyembekeze chabe pang'ono."

Anatumiza wachiwiri, kenako wachitatu. Anaimbira mchimwene wake kanayi, koma foni ingamveke bwanji pakati pa ng'oma ndi nthungululu? Galimoto sinabwere. Pamene anthu amamuika pa wilibala kudutsa naye m'madzi kupita kumsewu wa tala, maola atatu anali atatha. Mwana anapulumuka, kamtsikana. Tiza sanatulukemo m'chipatala.

Maliro atatha, Levy anapita ku ofesi. Mpaka apo ankaganiza kuti mwina dalaivala anachita ulesi, ndipo anali wokonzeka kumugwira pakhosi. Atatsegula kompyuta anapeza kuti palibe dalaivala amene analandira kalikonse. Mauthenga atathithikana, pulogalamu ija inangowafufuta onse, makumi anayi ndi umodzi, mzere n'kuyera, kanyali n'kubiriwira. Anayang'ana tsiku lija ankaiyesa. Inachitanso chimodzimodzi. Zinali pompo masiku onsewo, kudikira munthu woti angotsegula.

Anaifunsa pulogalamuyo chifukwa chake. Inayankha mwaulemu ndithu kuti inauzidwa kuonetsetsa kuti pamzere pasatsale uthenga, ndipo palibe unatsala.

Kenako anatsegula zofufutidwazo. Nambala ya mlongo wake anaidziwa asanamalize kuiwerenga. Uthenga woyamba unkangotchula malo a nyumba, monga iye anamuphunzitsira. Wachiwiri unkati magazi akuchuluka. Wachitatu unali wotere: "Ndine Tiza, mlongo wa ba Levy. Napapata, chonde muwauze nikali kuyembekeza."

Unafufutidwa mphindi yomwe ija Levy ankamwetulira foni yake.

Ba Namukolo anamupeza atagwada pansi pa tebulo akulira ngati mwana. Sanamukalipire, sanamukumbutse zomwe anamuuza. Anangokhala naye pansi pomwepo. Levy amati bola akanamumenya, mwina mtima ukanapepuka.

Ntchito sanasiye. Kamtsikana kaja akulera ndi iye ndi mkazi wake, ndipo anakatcha dzina la amake. Anthu a ku Kanyama amamuona m'mawa uliwonse asanapite ku ofesi, buluku atapinda, kafoni ka mabatani kali m'manja. Amaima pakhomo pa nyumba imene Tiza ankachita lendi, n'kutumiza uthenga, n'kudikira mpaka dalaivala amuimbire kuti uthengawo wamufika. Muli anthu ena tsopano m'nyumbamo, koma palibe amene amamuthamangitsa.

Phunziro: Chida chikakuuza kuti chagwira ntchito, usafunse chidacho, kafunse munthu amene amadikira thandizo ngati lamufika. Ukapatsidwa chinthu kuti uyese, chiyese mpaka kumapeto, chifukwa dzina lomwe ukusainira mwina ndi la m'bale wako. Wokutsina khutu ndi mnansi. Tumizirani ena, makamaka aja amene amasaina asanaone.